Galimoto ya apolisi ikalizidwa m'mawa imaloza kuti?

Mu December 2021 boma la Zimbabwe linakhazikitsa lamulo la Cyber and Data Protection Act, ndipo lamulolo linawonjezera milandu yatsopano m'buku la milandu ya upandu la dzikolo. Munthu woliwerenga ali pamthunzi, mtima uli m'malo, angaliyamikire ndithu. Gawo 164 likuletsa kutumiza uthenga wolimbikitsa ziwawa. Gawo 164B likuletsa kuzunza munthu pa intaneti, 164C kufalitsa bodza lofuna kupweteka wina, 164E kumwaza zithunzi za maliseche a munthu mwini wake asanalole, 164F kufalitsa mawu a chidani cha mtundu ndi chidani cha obwera, pomwe 165A likukhudza zithunzi ndi makanema ogwirira ana. Papepala aliyense watetezedwa, kuyambira wokhala ku State House mpaka mtsikana wosankha fodya ku Trelawney.

Koma lamulo lilibe miyendo. Limayenda pa galimoto ya apolisi, ndipo galimotoyo ili ndi mafuta owerengeka. Wofufuza milandu ali ndi maola owerengeka, woimira boma kukhoti ali ndi mulu wa mafailo umene sungathe chaka chino. Tsiku lililonse pali wina amene amasankha failo yoyamba kutsegula, ndipo kusankha kumeneko ndiko kumaulula munthu amene boma limamuwerengera. Mbiri ya mmene apolisi a Zimbabwe akhala akusankhira ili poyera, mayina ndi masiku omwe.

Mu 2011 bambo wina wa ku Bulawayo anagona m'chitokosi chifukwa cha mawu ochepa amene analemba pa tsamba la Facebook la Morgan Tsvangirai, ndipo mlandu unafera m'njira apolisi atalephera kuonetsa khoti uthengawo. Mu November 2017 Martha O'Donovan, mayi wa ku America amene ankagwira ntchito ku Harare, anamangidwa pomuganizira kuti ananyoza Robert Mugabe pa Twitter. Mtolankhani Hopewell Chin'ono anamangidwa katatu pakati pa July 2020 ndi January 2021 chifukwa cha zolemba zake za pa Twitter, ndipo ulendo wachitatuwo anamuzenga ndi gawo la lamulo limene khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linali litaliphwasula kale mu 2014. Loya Fadzayi Mahere anamangidwa pa nkhani yomweyo, yoti wapolisi wapha khanda ndi chibonga. Nkhaniyo inali yabodza, khandalo linali moyo. Komabe chindapusa cha madola 500 chimene anam'gamula mu 2023 khoti lalikulu linachifafaniza chaka chotsatira.

Lamulo latsopano litafika silinachedwe kupeza ntchito. Mu August 2022 mkonzi wa nyuzipepala ya NewsDay, Wisdom Mdzungairi, ndi mtolankhani wake Desmond Chingarande anazengedwa ndi gawo 164C chifukwa cha nkhani ya mkangano wa kampani ina yoyendetsa manda. Pa 24 February 2025 Blessed Mhlanga wa kanema ya HStv anatsekeredwa ndi gawo 164 chifukwa choulutsa mawu a Blessed Geza, msilikali wakale wa nkhondo ya ufulu amene ankafuna kuti Pulezidenti Emmerson Mnangagwa atule pansi udindo. Mhlanga anakanizidwa belo mobwerezabwereza, natha masiku opitirira 70 m'ndende mlandu usanayambe n'komwe. Mu July chaka chomwecho Faith Zaba, mkonzi wa Zimbabwe Independent, anagona m'chitokosi chifukwa cha nkhani yanthabwala imene akuti inapeputsa pulezidenti. Ndipo mu January 2019, anthu atakwiya ndi kukwera kwa mtengo wa mafuta, boma linazimitsa intaneti m'dziko lonse, mpaka khoti lalikulu linagamula kuti nduna imene inalamula zimenezo inalibe mphamvu yotero.

Choncho asapezeke wonena kuti boma la Zimbabwe silidziwa za makina, kapena kuti apolisi ake ndi amphwayi. Mawu akakhudza mpando, wolemba amapezeka dzuwa lisanalowe kawiri.

Tsopano munthu atuluke mu Harare. Atsate msewu wa ku Chinhoyi wodzera ku Banket, kapena wa ku Bindura wodzera ku Mazowe ndi Glendale, kapena wa ku Marondera ndi Macheke. Kuseri kwa mabalani a fodya a m'mbali mwa misewu imeneyi kuli makomboni, ndipo m'makomboni ambiri mukukhala ana ndi adzukulu a anthu amene anabwera ndi Mthandizi, ena pa malole a Ulere, ena wapansi kudzera ku Tete, kuchokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Kwawo ankawatchula kuti machona. Mpaka lero gule wamkulu amatuluka kumeneko, Ashona n'kumamutcha zvigure. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, antchito zikwi zambirimbiri anataya ntchito pamodzi ndi pogona, ndipo ochepa zedi ndiwo anapatsidwa malo. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, anthu obadwira ku Mvurwi ndi ku Karoi nauzidwa kuti akakane unzika wa maiko amene sanapondemo chibadwire. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anabweza unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, koma pofuna chitupa munthu amafunsidwa mapepala a makolo, ndipo makolowo anaikidwa m'manda a pafamu opanda pepala lililonse. Lipoti la Amnesty International la April 2021 linanena, potsata chiwerengero cha bungwe la UNHCR, kuti anthu pafupifupi 300,000 m'Zimbabwe ali pachiopsezo chokhala opanda dziko.

Chitupa sichinafike kwa onse, koma foni inafika. Wogwira ganyu akalandira malipiro amapatula kandalama ka bandulo ya WhatsApp, chifukwa m'menemo ndimo muli uthenga wa maliro a ku Dedza, m'menemo ndimo mwana wa ku Johannesburg amanena kuti watumiza kangachepe, m'menemonso ndimo mumamveka za ntchito. Chipata chomwecho ndicho afisi apeza.

Mthandizi wa lero sabwera ndi lole. Amabwera ndi chithunzi cha nyumba yowala ya ku Dubai ndi lonjezo la malipiro amene mtsikana wa pakomboni sangawapeze ngakhale atasankha fodya nyengo zitatu. Mu 2016 zinaululika kuti amayi a ku Zimbabwe opitirira 200 ananyengedwa ndi malonjezo a ntchito n'kukathera mu ukapolo wa m'nyumba ku Kuwait. Zaka zingapo pambuyo pake nkhani yomweyo inabwereranso, ulendo uno dziko lake ndi Oman. Amalawi akuidziwa bwino njira imeneyi. Mu March 2024 wailesi ya BBC inaonetsa mmene amayi a ku Malawi opitirira 50 anapulumutsidwira ku Oman, ndipo amene anayambitsa ntchito yowapulumutsa sanali mkulu wa apolisi wa dziko lililonse. Anali Pililani Mombe Nyoni, mayi wa ku Malawi wokhala ku America, amene anaona kulira kwa mmodzi wa iwo pa Facebook natsegula gulu la WhatsApp. Zimbabwe ili ndi lamulo loletsa kuzembetsa anthu kuyambira 2014, ndipo ena mwa olemba anthu ntchito zachinyengozi anaweruzidwadi. Koma chigamulo chimadza mtsikana atalandidwa kale pasipoti, atamenyedwa kale, ena atagwiriridwa. Chikhalirecho malonda a ntchito zabodzazi sabisika: amalengezedwa m'magulu odzaza anthu, nambala ya foni ili pompo. Wapolisi mmodzi wodziyesa wofuna ntchito akhoza kukumana ndi wolemba anthuyo maso ndi maso sabata isanathe. Luso lake ndi lomwe lija limene limapeza wonyoza pulezidenti.

Ndalama nazo zimatuluka pa chipata chomwecho. Mu 2023 kampani yotchedwa E-Creator inalonjeza anthu phindu la msanga akaponya ndalama kudzera pa foni, ndipo anthu otchuka a pa masamba a mchezo anaiimbira nthungululu. Inalengezedwa poyera kwa miyezi, ofesi zake zili zotsegula. Inagwa mu July, ndipo apolisi anayamba kumanga anthu ndalama zitapita. Pansi pa chinyengo chachikulu chotero pali chinyengo cha tsiku ndi tsiku chimene sichifika m'nyuzipepala: uthenga woti ndalama zalowa molakwika pa EcoCash ndipo zibwezedwe, foni yoti mwana wagonekedwa kuchipatala, wodzitcha wogula fodya wofuna kachiphaso kaye. Wokhala ku Borrowdale akaberedwa madola 50 amadandaula n'kuiwala. Pakomboni madola 50 ndi fizi ya mwana ndi thumba la ufa.

Apa ndi pamene nkhani ya chitupa imapweteka kawiri. Nambala ya foni m'Zimbabwe imalembetsedwa ndi chitupa. Wopanda chitupa amalembetsa m'dzina la mnansi kapena la kapitawo. Akaberedwa, n'kulipira basi kupita ku polisi ya kutali, funso loyamba pa kauntala ndi la dzina ndi chitupa, lachiwiri ndi la mwini nambala. Pamafunso awiriwo wodandaula wasanduka woyankha mlandu. Ambiri amadziwiratu zimenezi ndipo sapita n'komwe, motero m'mabuku a apolisi komboni imaoneka ngati malo a mtendere.

Choopsa kuposa zonse ndi cha ana. Lipoti la Human Rights Watch la 2018 linapeza ana akugwira ntchito yoika moyo pachiswe m'minda ya fodya ya zigawo zitatu za Mashonaland ndi Manicaland. Kafukufuku wa boma wakhala akuonetsa kuti Mashonaland Central ndiyo imatsogola pa maukwati a ana, moti pafupifupi theka la atsikana kumeneko amakwatiwa asanakwanitse zaka 18, ngakhale khoti linaletsa maukwati otere mu January 2016. Mwana amene wasiya sukulu chifukwa alibe kalata ya kubadwa, amene makolo ake amachoka m'bandakucha n'kubwera dzuwa litalowa, ndiye amene mwamuna wokhala ndi foni yabwino ndi madola awiri amamufuna. Chithunzi chikajambulidwa chimasanduka chingwe cha m'khosi: akakana, chimwazidwa pa gulu la mpingo kapena la pafamu. Gawo 164E ndi 165A analembedwera mwana ameneyu. Koma uthenga wa pa WhatsApp ndi wotsekedwa mwakuti ngakhale eni kampani sauwerenga, choncho wapolisi wokhala pa kompyuta ku Harare sangauone. Mlandu wotere umadziwika pokhapokha mwana kapena mayi ake atapeza munthu womukhulupirira, pafupi, womva chilankhulo chake. Izi sizifuna makina okwera mtengo otchera khutu ku mafoni a anthu. Zimafuna wapolisi wamkazi wa Victim Friendly Unit wokhala ndi njinga yamoto ndi mafuta, wofika pakomboni tsiku lodziwika.

Zithunzi zina zimadziwika kuchokera kunja. Makampani a ku America monga Meta amakakamizidwa ndi lamulo la kwawo kupereka lipoti ku bungwe la NCMEC akapeza zithunzi zogwirira ana, ndipo mu 2023 mokha bungwelo linalandira malipoti opitirira 36 miliyoni, ambiri okhudza maiko ena, amene limawatumiza kwa apolisi a maikowo. Lipoti lotere likafika, pamafunika wina woti alitsegule, apemphe kampani ya mafoni kuti itchule mwini nambala, akwere galimoto. Ola lililonse limene wofufuza watha akumvetsera mawu a Geza mobwereza ndi ola limene failo ya mwana yakhala yotseka.

Achewa a mbali zonse za malire akukumbukira Lu Ke, amene ana a ku Njewa pafupi ndi Lilongwe ankamutcha Susu. Munthuyu ankajambula ana a m'mudzi akunena mawu odzinyoza m'Chitchaina, mawu amene iwo sankawamva, n'kumagulitsa makanemawo pa intaneti. Anachita izi masana, mudzi wonse ukuona. Amene anamuvundukula mu June 2022 anali atolankhani, Runako Celina ndi Henry Mhango. Anathawira ku Chipata, anagwidwa, anabwezedwa ku Malawi, ndipo mu 2023 anagamulidwa miyezi 12 ndi kuthamangitsidwa m'dziko. Mwezi umodzi nkhaniyi isanaululike, apolisi a Malawi anali atapeza nthawi yomanga namwino wa ku Ntcheu chifukwa chonyoza Pulezidenti Lazarus Chakwera pa gulu la WhatsApp. Matendawa si a Harare yokha. Zambia inachotsa mlandu wonyoza pulezidenti mu December 2022, koma malamulo ake a intaneti a 2025 adzetsanso mantha omwewo pakati pa atolankhani ndi maloya.

Pali gawo limodzi la lamulo la Zimbabwe limene likanayenera kukhala chishango cha anthu a m'makomboni mwapadera, ndilo 164F. Mayina amene mbadwa za machona zimaitanidwa nawo ndi odziwika: mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, manyasarandi, mabwidi. Mugabe mwini, pokwiya ndi mavoti a ku Mbare kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ananyoza anthuwa kuti ndi obwera opanda mfunda, ngati kuti Phiri, Banda, Mbewe ndi Mwale ndi mayina otola panjira. Mawu amenewa sanafe. Anasamukira pa intaneti, ndipo amatuluka nthawi iliyonse wina akafuna kuchotsa mnzake pamzere wa eni dziko. Akuluakulu a ku Harare amadziwa kumene mawu otere amathera, chifukwa anthu awo ndiwo amawalawa kutsidya kwa Limpopo. Elvis Nyathi, mbadwa ya Zimbabwe, anaphedwa ndi gulu la anthu ku Diepsloot mu April 2022, pa nthawi imene chidani cha obwera chinkawiritsidwa usana ndi usiku pa masamba a mchezo a ku South Africa. Wolira maliro a Nyathi sangatembenuke n'kuyesa nthabwala mawu omwewo akanenedwa kwa mdzukulu wa Mchewa ku Shamva.

Oikira boma kumbuyo ali ndi yankho, ndipo liyenera kumvedwa. Amati bodza la pa intaneti likhoza kuyatsa dziko, kuti wailesi ya RTLM inasonkhezera kuphana ku Rwanda mu 1994, kuti boma limene silitchinga moto wotere lataya udindo wake. Zoonadi, woitana anthu kuti akawotche nyumba za anzawo ayenera kumangidwa lero lomwe. Koma wailesi ya ku Rwanda ija inali ya anthu oyandikana ndi olamulira, ndipo inkasaka anthu wamba opanda chitetezo. Chitsanzocho chikuloza ku gawo 164F ndi ku komboni. Sichikuloza kwa mkonzi wolemba nthabwala, ngakhale kwa mtolankhani amene watchera maikolofoni munthu wandale. Pulezidenti ali ndi asilikali, nduna yofalitsa nkhani, wailesi ya ZBC, nyuzipepala ya The Herald ndi maloya. Bodza likanenedwa za iye m'mawa, madzulo latsutsidwa m'dziko lonse. Akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndipo amene anakulira pafupi ndi bwalo la gule amadziwa kuti zilombo zakhala zikuseka mafumu, atsamunda ndi amishoni pamaso pa anthu onse, ufumu osagwa.

Yankho lachiwiri ndi loti ndalama palibe, akatswiri ndi ochepa. Ngati zili choncho ndiye kuti kusankha kukulemera koposa. Mudzi wokhala ndi mlonda mmodzi sumuika pa khomo la mfumu kuti azigwira oimba nyimbo zachipongwe, nkhokwe ndi khola zili pambalambanda. Ndipo pamene boma lafuna, zimatheka. Mu April 2024 akuluakulu a ku Zambia, motsogozedwa ndi Drug Enforcement Commission, anathyola kampani ya Golden Top Support Services ku Lusaka, nagwira anthu 77 pamodzi ndi makadi a foni zikwizikwi amene ankaberera anthu m'maiko osiyanasiyana. Pasanathe miyezi itatu nzika 22 za ku China zinali zitagamulidwa zaka za m'ndende.

Zimene anthu a m'makomboni a Mashonaland akusowa si zozizwitsa. Failo ya mwana itsegulidwe isanatsegulidwe ina iliyonse. Olengeza ntchito za kunja asakidwe ndege isananyamuke, ndipo apolisi a Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Mozambique azipatsana nambala za afisiwa, popeza nambala imene yanyenga mtsikana wa ku Concession mawa idzanyenga wa ku Mchinji kapena wa ku Katete. Maiko anayi onsewa ali kale ndi nambala yofanana yothandiza ana, 116. Chimene chatsala ndi choti woyankha foniyo akatumiza nkhani ku polisi, galimoto inyamuke. Wodandaula wopanda chitupa alembedwe dandaulo lake monga wina aliyense, ndipo amvedwe m'Chichewa, chimene gawo 6 la malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe likuchitchula pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Mlandu wonyoza pulezidenti, gawo 33 la buku la milandu, uchotsedwe, pakuti malinga ulipo udzapitiriza kudya mafuta a galimoto ija. Nalonso gawo 164C lifupikitsidwe, lisakhale ukonde wogwira aliyense amene nkhani yake yaipira munthu wamphamvu.

Ndipo pali chinthu chimodzi chosafuna ndalama konse. Kazembe Kazembe wakhala nduna ya za m'dziko kuyambira 2019, ndipo asanafike kumeneko anali nduna yoona za makina a mauthenga. Apolisi ali pansi pa unduna wake. Ofesi yopereka zitupa ndi makalata a kubadwa ilinso pansi pa unduna womwewo. Dera limene amaliimira ku nyumba ya malamulo ndi Mazowe West, pakati penipeni pa mafamu, pomwe makomboni ali pakhomo pake. Aphungu anzake amufunse kuti abweretse ziwerengero, gawo ndi gawo, chigawo ndi chigawo: kuyambira December 2021, ndi anthu angati amangidwa ndi gawo 164 ndi 164C, ndi angati ndi 164E, 164F ndi 165A, ndi angati mwa iwo anakanizidwa belo, ndipo ndi madandaulo angati ochokera ku mafamu a Mashonaland amene anafika pamaso pa woweruza.